Kupeza pogwirira poizoni wa bakiteriya: mafunso ndi mayankho pa kafukufuku wa katemera

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwerabwera kuchokera kwa ophunzira sayansi ya zamankhwala, anthu a mu labotale, komanso anamwino ndi alangizi a zaumoyo ofuna kudziwa chimene chili m'kabotolo kamene amatsegula tsiku ndi tsiku. Chitsanzo chimene tiyende nacho ndi poizoni wa kafumbata, chifukwa anafufuzidwa kwambiri, ndiponso palibe mayi wopita kusikelo amene sadziwa katemera wake. Poizoni wa matenda ena tizimutchula pamene wafunika.

Kodi poizoni wa bakiteriya n'chiyani, ndipo amasiyana bwanji ndi bakiteriya mwini wake?

Pa matenda ena bakiteriya sachita kuyendayenda m'thupi lonse kuti akugonetseni. Amangokhala pamalo amodzi n'kumatulutsa puloteni yowononga, ndipo puloteniyo ndi imene imayenda. Poizoni tikunenayu ndi puloteni imeneyo.

Bakiteriya wa kafumbata, Clostridium tetani, amapezeka m'dothi ndi m'ndowe za ziweto. Amakula bwino pamalo opanda mpweya wa okosijeni: m'bala lakuya la msomali kapena khasu, kapena pamchombo wa khanda umene wadulidwa ndi lezala lauve. Iye pabalapo sachoka. Chimene chimaumitsa nsagwada ndi kupinda msana wa wodwala ndi poizoni amene wakwera ndi mitsempha mpaka kukafika mumsana ndi mu ubongo. Diphtheria nayo ndi chimodzimodzi: bakiteriya ali pakhosi, poizoni akukawononga mtima.

Ndiye pa matenda oterewa katemera angathe kulunjika poizoni, bakiteriya n'kumusiya. Izi zinadziwika mu 1890 ku Berlin, pamene Emil von Behring ndi Kitasato Shibasaburo anaonetsa kuti madzi a m'magazi a nyama imene yazolowezedwa poizoni, omwe a labotale amati seramu, amateteza nyama ina imene sinakumanepo naye.

Nanga epitope imene imatchulidwatchulidwayi n'chiyani?

Antibodi, puloteni imene thupi limapanga kuti igwire chinthu chachilendo cholowa m'thupi, siikumbatira poizoni yense. Poizoni wa kafumbata ndi unyolo wa ma amino acid (tinjerwa tomangira puloteni) 1,315, pamene antibodi imodzi imangokhudza ma amino acid 15 kapena 20 basi. Kamalo kamene yakhudzako ndiye epitope.

Puloteni yaikulu chonchi imakhala ndi malo otere ambirimbiri, ena moyandikana, ena molowana. Munthu akabayidwa katemera, thupi lake limapanga ma antibodi amitundumitundu, iyi kugwira apa, iyo kugwira apo. Ntchito ya wofufuza ndi kulemba mapu osonyeza malo amene akugwiridwa, ndi angati, komanso mwa malowo ndi ati amene kuwagwira kumafooladi poizoni.

Ma epitope alipo a mitundu iwiri yosiyaniratu: ogwiridwa ndi ma antibodi, ndi ozindikiridwa ndi maselo a T. Mafunso ambiri pano ndi a mtundu woyambawo. Wachiwiriwo uli ndi funso lake m'munsimu.

Katemera wa kafumbata alipo kale ndipo amagwira ntchito. Kuvutikiranji?

Amagwiradi, ndipo palibe wanzeru amene akuti atayidwe. Mu 1923 Gaston Ramon wa ku Institut Pasteur ku France anapeza kuti poizoni wa diphtheria akamuthira mankhwala otchedwa formaldehyde n'kumusunga pofunda kwa masabata angapo, ululu wake umatha koma thupi limamuzindikirabe. Poizoni wofooledwayu amatchedwa toxoid. Mu 1924 Pierre Descombey anachita zomwezo ndi wa kafumbata. Bungwe la WHO limati mu 1988 makanda pafupifupi 787,000 anamwalira ndi kafumbata pa dziko lonse, pamene mu 2018 anali pafupifupi 25,000. Kutemera amayi oyembekezera ndi kuchirira malo aukhondo ndi zimene zinatsitsa chiwerengerocho.

Koma njira ya Ramon ndi yongogwira m'chimbulimbuli. Formaldehyde sasankha: amamatirira paliponse pamene wapeza pomatirira, ndipo pochita izi amaphimba kapena kupotoza ena mwa malo amene tikanafuna kuti thupi liwaone bwino. Pa kafumbata zinangoyenda bwino, malo otsala ndi okwanira. Pa poizoni wa chifuwa chokoka mtima kuwonongekako n'kwakukulu ndithu.

Palinso nkhani ya kufakitale. Kuti mupange toxoid muyenera kuyamba mwaweta bakiteriya weniweni m'matanki akuluakulu ndi kukolola poizoni wamoyo. Mukamaliza, gulu lililonse la katemera limayesedwa pa mbewa kapena mbira kuti zitsimikizike kuti lili ndi mphamvu. Mukadziwa malo amene ali ofunikadi, mungathe kuyesa mu labotale ngati malowo adakalipo, nyama n'kuzipumitsa. Ndipo wodwala kafumbata amafuna ma antibodi opangidwa kale, omwe nthawi zambiri amachokera m'magazi a mahatchi kapena a anthu opereka magazi. A mahatchi amabweretsa ziwengo, a anthu ndi odula ndipo sapezekapezeka. Antibodi imodzi yodziwika pogwira pake ingathe kupangidwa yochuluka m'fakitale.

Poizoni wa kafumbata anaumbidwa motani?

Ndondomeko yonse ya ma amino acid ake inawerengedwa mu 1986 ndi magulu awiri, lina ku Germany lina ku Britain. Bakiteriya amamupanga ngati unyolo umodzi, kenako umadulidwa pawiri: unyolo wopepuka ndi unyolo wolemera, omwe amakhalabe olumikizana ndi kamlatho ka sulfur.

Pa ntchito, zigawo zake ndi zitatu. Mapeto a unyolo wolemera, omwe amadziwika kuti Fragment C, kuyambira amino acid wa nambala 865 mpaka 1,315, ndi amene amamatirira pa khungu la selo ya mtsempha. Chigawo chapakati chimaboola njira kuti chigawo chachitatu chilowe m'kati mwa selo. Chachitatucho, unyolo wopepuka uja, ndiye chimene chimawononga: ndi enzyme yodalira zinc imene imadula puloteni yotchedwa VAMP kapena synaptobrevin. Izi zinapezeka mu 1992 ndi gulu la Cesare Montecucco ku Padua, ku Italy. VAMP ikaduka, maselo amene ntchito yawo ndi kuuza minofu kuti imasuke amalephera kutumiza uthenga, ndipo minofu imangokungika osaleka.

Zigawo zitatuzi zisungeni m'mutu, chifukwa mafunso otsatirawa abwererako kawirikawiri.

Ndimamva zoti pali epitope yondondozana ndi epitope ya kapindidwe. Kusiyana kwake n'kotani?

Unyolo wa puloteni sukhala chowongoka. Umapindika n'kuzengezana mpaka kukhala chibulumwa cha maonekedwe akeake. Ikapindika chonchi, amino acid wa nambala 900 angathe kugundana ndi wa nambala 1,100, ngakhale pa ndondomeko ali kutali.

Antibodi ikagwira ma amino acid otsatizana, monga kuyambira 950 mpaka 960, imeneyo ndi epitope yondondozana. Ikagwira malo opangidwa ndi tizigawo tochokera kosiyanasiyana timene takumana chifukwa cha kupindika, imeneyo ndi ya kapindidwe, ndipo puloteni ikangomasuka epitopeyo yatha. Akatswiri ambiri amati pafupifupi ma epitope 9 mwa 10 alionse a ma antibodi ndi a kapindidwe. Vuto ndi lakuti njira zotsika mtengo zimapeza kwambiri mtundu wosowawo.

Mu labotale amachita bwanji kuti apeze malowa?

Njira yodziwika kwambiri inayambitsidwa ndi Mario Geysen mu 1984, pofufuza kachilombo ka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe. Amatenga ndondomeko ya puloteni n'kupanga tizidutswa tating'onoting'ono tolowana. Tiyerekeze ndi poizoni wa kafumbata: kachidutswa koyamba katenge ma amino acid 1 mpaka 15, kachiwiri 6 mpaka 20, kachitatu 11 mpaka 25, kumangosuntha ndi asanu mpaka kumapeto. Mupeza tizidutswa 261. Mukamasuntha ndi mmodzimmodzi tikwana 1,301. Tizidutswati timapangidwa ndi makina, bakiteriya sakhudzidwa n'komwe.

Kenako pamabwera ELISA, mayeso oonetsa ndi mtundu ngati antibodi yagwira. Pa tebulo pali mbale ya pulasitiki ya timaenje 96, ndipo kadzenje kalikonse kamatidwa ndi kachidutswa kake. Mumathiramo seramu ya munthu wotemeredwa, kudikira, kutsuka. Antibodi imene yagwira imatsalira, zina zonse zimapita ndi madzi otsukira. Mumathira antibodi yachiwiri yonyamula enzyme, kutsukanso, kenako mankhwala osintha mtundu. Pakapita mphindi zochepa timaenje tina timayamba kubiriwira, tina timangokhala mbee. Mukathira asidi woimitsa ntchitoyo, kubiriwira kuja kumasanduka chikasu, ndipo makina amawerenga kuya kwa mtunduwo. Timaenje titatu toyandikana tikasintha mtundu, epitope ili pa ma amino acid amene tizidutswa titatuto tikugawana.

Pambali pake payenera kukhala mbale ina yothiridwa seramu yopanda ma antibodi a kafumbata. Tizidutswa tina timangomata chilichonse, ndipo wofufuza wopupuluma amasangalala ndi chikasu chopanda tanthauzo.

Mukapeza malo, mumasintha amino acid mmodzimmodzi n'kuikapo wina wamng'ono wotchedwa alanine, n'kuona kuti antibodi yaleka kugwira pamene mwasintha uti. Mwa 15 aja, nthawi zambiri atatu kapena asanu okha ndi amene amanyamula mphamvu ya kugwirako.

Nanga ma epitope a kapindidwe aja amapezeka bwanji, poti tizidutswa sitingawaonetse?

Pamenepa ndalama zimalowa zambiri. Njira yotsimikizika ndi kujambula antibodi ili chigwirire pa poizoni, pogwiritsa ntchito X-ray pa makristalo a puloteni, kapena maikulosikopu ya ma elekitironi pa puloteni youmitsidwa ndi kuzizira, yotchedwa cryo-EM. Chithunzicho chimaonetsa amino acid aliyense amene wakhudzidwa. Koma imafuna antibodi imodzi yoyera, osati chisakanizo cha m'seramu, ndipo makina ake ali m'malabotale owerengeka.

Njira ina ndi kuviika puloteni m'madzi olemera a deuterium. Malo oonekera amasinthanitsa msanga haidrojeni wawo ndi deuterium, pamene malo ophimbidwa ndi antibodi amachedwa, ndipo makina oyeza kulemera amaloza pamene pachedwapo. Ena amagwiritsa ntchito phage display, njira ya George Smith ya mu 1985, pomwe tizilombo togwira mabakiteriya timanyamula tizidutswa mamiliyoni, antibodi n'kudzisankhira tomwe tikufanana ndi pogwira pake.

Yosavuta pa zonse ndi kupanga zigawo zitatu zija padera, chilichonse chopindika bwino, n'kuona kuti antibodi ikugwira chiti. Siikuuzani amino acid weniweni, koma pa mafunso ambiri a katemera yankho limenelo n'lokwanira.

Kodi kompyuta siingathe kungolosera malowa?

Imalosera, koma kulosera si kupeza. Kuyesa koyamba kunali kwa Thomas Hopp ndi Kenneth Woods mu 1981. Maganizo awo anali akuti ma amino acid okonda madzi amakhala kunja kwa puloteni, ndiye kumeneko n'kumene antibodi ingafike. Zinamveka zanzeru, ndipo anthu anapanga miyeso yambiri yofanana nayo. Mu 2005 Martin Blythe ndi Darren Flower anayesa miyeso 484 yotere pa ma epitope odziwika kale, napeza kuti ngakhale yabwino kwambiri inkangoposa pang'ono munthu wongolota.

Mapulogalamu a masiku ano, monga BepiPred ndi DiscoTope a ku Technical University of Denmark, apita patsogolo, makamaka chibwerere AlphaFold mu 2021, imene imalosera kapindidwe ka puloteni molondola kwambiri. Komabe muzu wa vutoli sunazuke. Pafupifupi malo alionse a kunja kwa puloteni angathe kugwiridwa ndi antibodi inayake. Pulogalamu ikati "apa pangagwiridwe" siinaname, koma siinanenenso zambiri.

Masiku ano mapepala a kafukufuku wothera pa kompyuta pokha achuluka. Munthu watenga ndondomeko ya poizoni, wailowetsa m'mapulogalamu asanu, walumikiza tizidutswa tomwe tapambana, n'kulemba kuti wapanga katemera. Palibe seramu imene yathiridwa, palibe mbewa imene yabayidwa. Ntchito yotere ili ndi phindu ngati njira yochepetsera tizidutswa toyenera kuyesa, kuchoka pa mazana kufika pa makumi. Koma dzina loti katemera silinaiyenere.

Antibodi ikagwira poizoni, si ndiye kuti munthu watetezeka?

Ayi, ndipo ili ndi funso lofunika kuposa onse pa tsamba lino. Njoka mukaigwira kumchira mwaigwiradi, koma ikulumani. Ma antibodi ambiri amene munthu wotemeredwa ali nawo amagwira poizoni pamalo amene sakumulepheretsa kumatirira, kulowa kapena kudula. Pa ELISA amaonetsa chikasu chakuya, koma poizoni akupitiriza ulendo wake.

Choipiraipira, malo amene thupi limathamangira kwambiri si nthawi zonse amakhala malo ofunika. Kansonga kotulukira kunja, kogwedezeka, kamakopa ma antibodi ambiri, pamene kadzenje kamene poizoni amamatirira nako pa mtsempha kangakhale kobisika, kogwiridwa ndi ma antibodi ochepa. Mukangotsata chikasu chakuya musankha kansongako.

Antibodi yoteteza ndi imene imatseka limodzi mwa masitepe atatu aja. Chitsanzo chabwino chinatuluka mu 2021, pamene ofufuza a ku Italy ndi Switzerland anasefa ma antibodi ochokera m'maselo a anthu otemeredwa n'kupeza awiri amphamvu kwambiri. Imodzi, TT104, imagwira chigawo chomatirira, poizoni n'kulephera kukakamira pa mtsempha. Inayo, TT110, imagwira chigawo chapakati n'kuchiletsa kusintha maonekedwe pa nthawi yoboola njira. Onani kuti pogwira pabwino sipali pa chigawo chimodzi chokha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ofufuza akhala akuona kuti ma antibodi awiri kapena atatu ogwira malo osiyana amafoola poizoniyu kuposa imodzi payokha.

Pali malire enanso: poizoni akalowa kale m'kati mwa mtsempha, antibodi ya m'magazi siimufikira. N'chifukwa chake wodwala kafumbata, ngakhale wapatsidwa ma antibodi, amakhalabe masabata akukungika, kudikira kuti mitsempha ikonzeke yokha.

Ndiye mumayesa bwanji kuti antibodi ikutetezadi?

Njira yakale imene idakali muyeso wa zonse ndi ya mbewa. Amasakaniza poizoni wa mlingo wodziwika ndi antibodi kapena seramu, kudikira pang'ono kuti zigwirane, n'kubaya mbewa. Kenako amaziyang'anira kwa masiku angapo. Mbewa yosatetezeka imayamba kuuma mchira ndi mwendo wa mbali yobayidwayo, ndipo malamulo a kafukufuku amafuna kuti ipulumutsidwe ku ululu zizindikiro zikangooneka. Palinso mayeso a pa maselo a mitsempha okulira m'mbale, pomwe amaona ngati VAMP yaduka kapena ayi.

Pa mayeso a mbewa, mlingo wa 0.01 IU (muyeso wa mphamvu ya ma antibodi) pa mililita imodzi ya seramu umatengedwa kuti ndi poyambira chitetezo. Pa ELISA wamba amafuna 0.1 IU, kuchulukitsa kakhumi. Chifukwa chake ndi chija tanena pamwambapa: ELISA imawerengera limodzi ma antibodi ongogwira ndi otetezadi.

Maselo a T akulowa pati pa nkhaniyi?

Selo ya B, imene imapanga ma antibodi, siipanga olimba ndi okhalitsa popanda chilolezo cha maselo othandiza a T. Amenewa ndi ma CD4 omwe aja amawerengedwa kwa anthu amene ali ndi HIV. Iwo saona puloteni yopindika. Maselo ena amameza puloteniyo, kuiduladula, n'kuika kachidutswa ka ma amino acid 13 mpaka 25 pa kambale kotchedwa HLA kuti selo ya T ikaone. Choncho ma epitope a T onse ndi ondondozana, ndipo angachokere ngakhale m'kati mwenimweni mwa puloteni. Apa njira ya tizidutswa ija imagwira bwino, ndipo kompyuta nayo imalosera molondola kuposa mmene imachitira pa ma antibodi.

Poizoni wa kafumbata ali ndi ma epitope awiri otchuka, ofotokozedwa mu 1989 ndi gulu la Antonio Lanzavecchia ndi Giampietro Corradin ku Switzerland: P2, pa ma amino acid 830 mpaka 844, ndi P30, pa 947 mpaka 967. Chodabwitsa chawo n'chakuti amakwana pa mitundu yambiri ya HLA, ndiye anthu ochuluka amawazindikira.

Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene toxoid wa kafumbata amabwerekedwa ndi akatemera ena. Shuga wokuta mabakiteriya ena saitana maselo a T, ndipo ana osakwana zaka ziwiri samupangira chitetezo chokhalitsa. Mukamumangirira ku toxoid, thandizo la T limabwera. Katemera wa taifodi wa Typbar TCV, amene anayesedwa pa ana opitirira 28,000 ku Ndirande ndi Zingwangwa mu Blantyre kuyambira 2018 n'kuteteza pafupifupi ana 8 mwa 10, anapangidwa motero. MenAfriVac, amene anayamba kuperekedwa mu 2010 kumaiko a Sahel, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, pothana ndi matenda oumitsa khosi, nayenso ndi choncho.

Kodi zimene zapezeka pa anthu a ku Ulaya zimagwiranso kwa ife?

Pa ma antibodi, kwakukulukulu inde. Pa maselo a T m'pofunika kusamala. Mitundu ya HLA munthu amatengera kwa makolo, ndipo anthu a mu Africa ali ndi mitundu yochuluka kuposa a kontinenti ina iliyonse. Mapulogalamu olosera anaphunzitsidwa kwambiri ndi mitundu yofala ku Ulaya ndi ku America. Katemera wa puloteni yonse alibe nazo vuto, chifukwa muli tizidutswa tokwanira aliyense kupezapo kake. Koma wina akasankha tizidutswa tinayi tokha, funso loyamba kumufunsa ndi lakuti anayesa pa magazi a anthu a kuti.

Munthu amene wachira kafumbata si ndiye ali ndi ma antibodi abwino oti n'kufufuzirapo?

Ayi. Poizoniyu ndi waululu kwambiri moti mlingo wokwanira kupha munthu, womwe amauyerekeza pa ma nanogalamu 2.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndi wochepa zedi kuti chitetezo cha m'thupi chiuone. Munthu angathe kudwala, kuchira, n'kudzadwalanso. N'chifukwa chake wochira kafumbata amayenera kubayidwa katemera asanatuluke m'chipatala.

Kwa wofufuza izi zili ndi tanthauzo lobisika. Ma antibodi onse a anthu amene tili nawo ndi obwera ndi toxoid, ndiye mapu amene timalemba ndi a malo amene anapulumuka ku formaldehyde. Pangathe kukhala malo ena abwino amene katemera wakaleyu sanawaonetsepo thupi.

Kodi poizoni sasintha maonekedwe ngati mmene amachitira kachilombo ka chimfine?

Wa kafumbata ndi wa diphtheria sasintha mokwanira kuzemba katemera, n'chifukwa chake toxoid wa zaka 100 zapitazo akugwirabe. Koma si onse. Poizoni wa botulism, m'bale wake wa kafumbata, ali ndi mitundu isanu ndi iwiri yodziwika kuyambira kale, A mpaka G, ndipo antibodi ya mtundu umodzi siifoola unzake. Musanakhulupirire epitope iliyonse, yerekezani ndondomeko yake m'mabakiteriya otoledwa kumadera osiyanasiyana.

Kodi alipo katemera wa poizoni wopangidwa ndi tizidutswa tokhatokha?

Pa akatemera operekedwa kusikelo, palibe. Kachidutswa kakachotsedwa pa puloteni kamangopindika mmene kafunira, ndipo ma antibodi amene thupi likapangire nthawi zambiri sazindikira malo omwewo pa poizoni weniweni. M'zaka za m'ma 1980 gulu la Michael Sela ndi Ruth Arnon ku Weizmann Institute ku Israel linapeza kachidutswa ka poizoni wa kolera, pa ma amino acid 50 mpaka 64 a chigawo B, kamene kankadzutsa ma antibodi ofoola poizoniyo pang'ono. Inali ntchito yabwino, koma katemera sanatulukepo.

Chimene chapindula ndi njira yotembenuza: kusunga puloteni yonse mmene ilili, n'kuthyola kamalo kamodzi kamene kamaipatsa ululu. CRM197 ndi poizoni wa diphtheria wa ma amino acid 535 amene wasinthidwa mmodzi yekha, wa nambala 52, kuchoka pa glycine kukhala glutamic acid. Anapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mu labotale ya Alwin Pappenheimer ku Harvard, ndipo lero ndi amene amanyamula shuga mu katemera wa chibayo wa PCV13, amene Malawi anayamba kupereka mu 2011. Mu 1989 Mariagrazia Pizza ndi Rino Rappuoli ku Siena anasintha ma amino acid awiri, wa 9 ndi wa 129, pa poizoni wa chifuwa chokoka mtima, ululu n'kutheratu ma epitope ali osakhudzidwa.

Pa kafumbata anthu anadalira kwambiri Fragment C, popeza payokha ilibe ululu, imapangika mosavuta mu bakiteriya wa E. coli kapena yisiti, ndipo imateteza mbewa. Mpaka pano siinalowe m'malo mwa toxoid. Mukakumbukira TT110 ija mumvetsa chimodzi mwa zifukwa: mukataya zigawo ziwiri mwatayanso malo abwino ogwirira amene ali pamenepo. Ofufuza ena, monga a labotale ya Joseph Barbieri ku Wisconsin, anabwerera ku poizoni wathunthu n'kumusintha malo asanu ndi atatu.

Choncho phindu lalikulu la mapu a ma epitope mpaka lero lakhala kudziwa malo osayenera kuwononga.

Kolera nayo ndi matenda a poizoni. Bwanji katemera wake sali ngati wa kafumbata?

Kutsekula m'mimba kwa kolera kumabweradi ndi poizoni, amene anapezeka ndi Sambhu Nath De ku Kolkata mu 1959. Ali ndi chigawo A chimodzi chowononga ndi zigawo B zisanu zomatirira pa matumbo. Mapu a chigawo B ndi odziwika bwino, ndipo ma antibodi ochifoola alipo.

Koma bakiteriya wa kolera sakhala phee pakabala. Amaswana mwaunyinji m'matumbo n'kumathira poizoni pomwepo pa maselo, ndipo ma antibodi a poizoni sachedwa kuchepekedwa. Pa kuyesa kwakukulu kwa ku Matlab ku Bangladesh, kumene kunayamba mu 1985, katemera wokhala ndi chigawo B anateteza bwino m'miyezi yoyamba, koma pofika zaka zitatu anali atafanana ndi wopanda chigawocho. Chitetezo chokhalitsa chimabwera ndi ma antibodi ogwira shuga wa pakhungu la bakiteriya. Dukoral ali ndi chigawo B, koma Shanchol ndi Euvichol, amene agwiritsidwapo ntchito pa makampeni akuluakulu, alibe: ndi mabakiteriya akufa basi. Madontho amene anthu ankamwa pa mliri wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi, anali a mtundu wopanda chigawo B umenewu.

Clostridioides difficile, bakiteriya wotsekula m'mimba odwala amene amwa maantibayotiki nthawi yaitali, anapereka phunziro lowawa kuposa apa. Antibodi ya bezlotoxumab, yogwira poizoni wake wotchedwa B, inavomerezedwa ku America mu 2016 chifukwa inkachepetsa kubwereranso kwa matendawa. Koma katemera wa toxoid wa Sanofi anaimitsidwa mu 2017, ndipo wa Pfizer mu 2022 analephera kukwaniritsa cholinga chake chachikulu choletsa kudwala, ngakhale onse awiri ankadzutsa ma antibodi.

Ndine wophunzira, ndili ndi laputopu ndi intaneti basi. Ndiyambire pati, ndipo n'zoopsa?

Ntchito ya pa kompyuta, ya tizidutswa ndi ya Fragment C ilibe ululu. Poizoni wathunthu amagwiridwa m'malabotale ovomerezeka okha, ndi anthu otemeredwa, ndipo wophunzira safunika kumukhudza.

Yambani ndi UniProt, nkhokwe ya mapuloteni ya pa intaneti, kumene poizoni wa kafumbata ali pa nambala P04958, ndipo zigawo zake n'zolembedwa kale. Pitani ku Protein Data Bank mukatenge chithunzi cha kapindidwe kake, muchitsegule mu pulogalamu ngati ChimeraX, muzitembenuza mpaka zigawo zitatu zija muzizizindikira ndi maso. Kenako lowani mu IEDB, nkhokwe yaulere ya ku La Jolla ku California, imene imasunga ma epitope oyesedwa mu labotale. Pamenepo musathamangire batani lolosera. Yambani mwaona zimene anthu anapeza kale, ndipo pa epitope iliyonse muwerenge kuti inayesedwa motani: kodi antibodi inangogwira pa ELISA, kapena inateteza nyama? Lembani magulu awiriwa padera, muwapake mitundu yosiyana pa chithunzi chija.

Mukatero ndiye yendetsani mapulogalamu olosera, n'kuyerekeza zimene anena ndi zimene mwapaka. Werengani amene apeza, amene aphonya, ndi malo amene aloza koma palibe anawatsimikizapo. P2 ndi P30 musaziwerengere pa mayesowa, chifukwa mapulogalamu ambiri anaphunzitsidwa ndi zomwe zili mu IEDB momwemo, ndipo awiriwa anawaona kale. Sankhani ma epitope amene anafalitsidwa pulogalamuyo itatuluka kale, ndipo chaka chimene inatuluka chimalembedwa pa tsamba lake.